Yankho kwa malume pa za V8 ndi V6 ya Land Cruiser

Malume, mwaswera bwanji? Funso lanu ndaliona pagulu pano, koma manja anali oyilo yekhayekha, ndiye ndati ndingojambula mawu. Mukuti anzanu akukuuzani kuti Land Cruiser yatsopanoyi, 300, ndi yofooka kuyerekeza ndi 200 chifukwa a Toyota anachotsa injini ya V8, ya masilinda 8, n'kuikamo V6, ya masilinda 6. Ayi malume, pa mphamvu pokhapo anzanuwo sanakuuzeni zoona.

Yakaleyo, 200, inatuluka mu 2007. Injini yake ya dizilo ndi ija timaitcha 1VD, malita 4.5, masilinda 8, ma turbo awiri, magiya 6 a otomatiki. Zomalizira zimene zinkagulitsidwa ku Australia zinkatulutsa mphamvu ya 200 kW ndi 650 Nm. Ndiye 300 inabwera mu 2021 ndi injini ya F33A, malita 3.3 okha, masilinda 6, koma komweko ku Australia imatulutsa 227 kW ndi 700 Nm. Mwamva bwino? Yaing'onoyo ndi imene ili patsogolo. Ndipo Nm imeneyo ndi mphamvu yokoka, ija mumaimva mukapakira matumba kumbuyo, anthu adzaza, mukukwera Chiweta kapena Khwekhwerere.

Mwina mufunsa kuti zikutheka bwanji. Ma turbo a 300 amagwira mopatsana. Mukamayenda pang'onopang'ono imagwira imodzi, ndiye siichedwa kudzuka, mukaponda kwambiri inzake imalowa n'kumathandizana. Komanso magiya ake ndi 10, ndiye injini siisowa giya yoyenera, kaya pamtunda kaya pamtsetse. China n'chakuti galimotoyo anaipeputsa ndi makilogalamu pafupifupi 200, denga, boneti ndi zitseko anapangira aluminiyamu. Mukafuna kupitirira thiraki pa M1, 300 imangoti psuu, yadutsa. V8 nayo imadutsa, koma imayamba yaganiza kaye.

Mafuta nawonso 300 imamwa pang'ono. Pa mayeso a ku Australia komweko V8 inali pa malita 9.5 pa makilomita 100, V6 pa 8.9. Pamsewu wathu zonse zimamwa kuposa pamenepo, musanamizike. Kungoti thanki ya 300 ndi yocheperako, ku Australia komweko malita 110 pomwe ya 200 inali 138, ndipo inu amene mumapita kumudzi mukudziwa kuti nthawi ya mizere pa filling station malita amenewo ndi nkhani yaikulu.

Eee, nanga bwanji anthu akukakamirabe V8? Choyamba ndi kulira kwake, ine ndemwe ndimakukonda. Koma chenicheni n'chakuti 1VD timaidziwa. Yakhala nafe zaka zambiri, ilinso mu ma Land Cruiser 76 ndi 79 ena, ngakhale mmenemo ili ndi turbo imodzi. Makaniko wodziwa ntchito ku Mzuzu kapena ku Limbe waitsegulapo, masipeya amapezeka, ngakhale akale. Matenda akenso timawadziwa. Alitaneta anaiika pansi kwambiri, ndiye mukamasambira nayo m'matope a dzinja imadzaza thope, batire n'kusiya kuchaja. Ndinaitsegulapo ina, mkati dothi lofiira litauma gwa mpaka mabulashi osaoneka. Sitata nayo anaibisa pakati pa V penipeni, ndiye kuti pakati pa mizere iwiri ya masilinda, kuti muifikire mpaka mumasule zapamwamba zonse, ntchito ya tsiku lathunthu. Injini zina zoyambirira zinkadyanso oyilo.

Pa 300 pakati pa V mpamene anaikapo ma turbo. N'chifukwa chake imayankha msanga, koma pamenepo pamatentha zedi, ndiye oyilo wake safuna wongotola pamsika, ndipo tsiku la sevisi silidumphidwa. Ikayatsa nyale pa dashibodi pamafunika kompyuta yoyenera ndi munthu woidziwa, osati kungogogoda ndi sipanala. Anthu otere kunja kwa Lilongwe ndi Blantyre ndi ochepa.

Ichi chokha malume mundimvetsetse, chikukhudza zonse ziwiri. Dizilo wa m'zigubu, wa m'mbali mwa msewu uja, musathiremo. Ma injekita ake amapopa mafuta pa mphamvu yoopsa, timabowo take n'tating'ono kwambiri, kadontho ka madzi kapena kamchenga kamawononga. Ndipo pa V8 mukugula injekita 8, osati imodzi. Muikitse fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi, ndalama yake ndi yochepa kuyerekeza ndi zimenezo.

Ndiye ine maganizo anga ndi awa. Mukanakhala munthu wa pa tala, Lilongwe, Blantyre, nthawi zina Lusaka, ndipo thumba likulola, ndikanati 300 mosakayika. Koma ndi maulendo anu a kumunda aja, kutali ndi galaja, ndingasankhe 200 yosamalidwa bwino, makamaka za 2015 kupita kutsogolo. Osati chifukwa choti ndi yamphamvu kuposa inzake ayi, koma ikadwala tiichiza pafupi.

Galimoto yogulitsa imene mwaiona ija musapereke ndalama kaye. Munditumizire chithunzi cha nambala ya chesisi ndi buku la sevisi ngati lilipo. Muwauzenso eni ake asaililitse m'mawa tisanafike, ndikufuna ndiimve ikudzuka yozizira, ndione utsi wake. Loweruka ndili ndi mpata, ndibwera ndi kompyuta tiyeze ma injekita. Mupereke moni kwa onse kunyumba.