Kodi SLS ya mu sopo wamadzi imapatsa khansa? Yankho kwa mayi wondilembera

Mayi wina amene amapanga sopo wamadzi wotsukira mbale ndi shampu kunyumba kwake wanditumizira imelo, ndiye ndingoifupikitsa. Amagula SLS ya ufa, mankhwala otsuka ndi obweretsa thovu mu sopo, pena m'bale wake SLES amene amakhala wonanda, ndipo akuti akamathira ufawo mu ndowa amayetsemula mpaka misozi, manja nawo ayamba kuuma ndi kung'ambika m'mphepete mwa zala. Kenako mnzawo wawatumizira uthenga pa WhatsApp woti SLS imayambitsa khansa, eti ndi mankhwala otsukira pansi mu magalaja a galimoto. Funso lawo ndi loti asiye bizinesiyi kapena ayi, nanga ana awo amene akutsukira mano mankhwala okhala ndi SLS yomweyo zikhala bwanji.

Mayi, zikomo polemba. Za khansazo mtima ukhale m'malo. Koma za kuyetsemula ndi manjawo, mwazilemba ngati nkhani yongodutsa pomwe vuto lenileni lili pamenepo, ndipo pali china chomwe simunachitchule nkomwe chimene ine chikundidetsa nkhawa kuposa zonse, ndi maso anu.

SLS ndi chidule cha sodium lauryl sulfate, a mu labotale amaitchula sodium dodecyl sulfate kapena SDS, ndi chinthu chimodzi chomwecho. Pa thumba kapena pa pepala la ogulitsa mukaona nambala yozindikirira kemikolo ya CAS 151-21-3 dziwani kuti ndi yomweyi. Amaipanga kuchokera ku lauryl alcohol, amene nthawi zambiri amachokera ku mafuta a kokonati kapena a njere za kanjedza, pena ku petulo, amamusakaniza ndi sulfur trioxide kenako nkuthira sodium hydroxide kapena sodium carbonate kuti asidi aphwe. Ndiye amene amalemba pa botolo kuti "yochokera ku kokonati" sakunama ayi, kungoti khungu lanu silidziwa kuti yachokera kuti, imaluma chimodzimodzi.

Molekyu yake ili ngati mbululu, kamutu ndi mchira wautali wa maatomu a kaboni 12. Mutu umakonda madzi, mchira umadana ndi madzi koma umakonda mafuta. Mukaithira m'madzi mamolekyu amayamba athamangira pamwamba pa madziwo, michira ili kunja, ndipo zimenezi zimafooketsa kugwirana kwa madzi kuti azitha kulowa mu nsalu ndi kuyenderera pa mbale yamafuta mmalo mongoima madontho. Ikachuluka kufika pafupifupi magalamu 2.4 pa lita imodzi ya madzi oyera, mamolekyu amayamba kudzikulunga timagulu tozungulira ta mamolekyu ngati 60, michira mkati mitu kunja, ndipo mafuta a pa mbale amakodwa mkati mwa timaguluti nkupita ndi madzi otsukuluza. Ntchito yonse ndi imeneyo basi. Thovu ndi zongobwera nazo, si limene limatsuka, koma makasitomala akaona thovu lochepa amati sopo ndi wachabe, nde opanga amangowonjezera SLS, manja a anthu nkumapsa.

Tsono khungu la munthu nalo pamwamba pake pali mafuta ndi mapuloteni amene amatseka kuti madzi a m'thupi asamatuluke chisawawa, ndipo SLS siisankha kuti awa ndi mafuta a pa poto awa ndi a pa dzanja la mayi. Imachotsa onse. Kuwonjezera apo imakakamira mapuloteni nkuwamasula mapindidwe ake, ndipo pa ichi ndi katswiri moti asayansi amaigwiritsa ntchito dala mu labotale akafuna kutambasula mapuloteni kuti awayeze kukula, njira yotchedwa SDS-PAGE imene Ulrich Laemmli anaikonza bwino mu 1970. Madokotala a khungu nawo akafuna kuyesa ngati mafuta odzola enaake amateteza khungu, amayamba amata SLS pa mkono wa munthu kuti pafiire, ndiyo imene anaisankha kukhala muyeso wa zinthu zoluma khungu. Ndiye manja anu akung'ambikawo si zodabwitsa, inu mukugwira yosasungunula, tsiku ndi tsiku, pomwe wogula amangokhudza yothira madzi kwa mphindi ziwiri nkutsukuluza.

Nkhani yonse yagona pa ziwiri, kuchuluka kwake ndi nthawi imene yakhala pa khungu. Bungwe la Cosmetic Ingredient Review la ku America linaunika SLS mu 1983 ndipo linati ndi yabwinobwino mu zinthu zimene umapaka kwakanthawi nkutsukuluza, koma mu zodzola zokhalitsa pa thupi isapitirire 1 peresenti. Olo 1 peresentiyo kwa ena imawavuta. Ku Britain kuli mafuta odzola akalekale otchedwa aqueous cream amene muli SLS pafupifupi 1 peresenti, kwa zaka zambiri ankawapereka kwa odwala ekizema, ena amati chikanga, mpaka mu 2013 bungwe loona za mankhwala la MHRA linachenjeza kuti amatha kuwotcha ndi kuyabwitsa khungu makamaka la ana akawasiya pa thupi. Choncho ngati muli ndi maganizo opanga loshoni, SLS isalowemo.

Za khansa tsopano. Uthenga umene mwalandirawo ndi wakale, unayamba kuzungulira pa maimelo cha mu 1998, zaka zonsezi ukungosintha chovala, kuchoka pa imelo kupita pa Facebook kenako WhatsApp. Bungwe la IARC, nthambi ya WHO imene ili ku Lyon ku France ndipo ntchito yake ndi kundandalika zinthu zoyambitsa khansa, silinaike SLS pa mndandanda umenewo. Zoti imapezekanso mu zotsukira pansi mu galaja ndi zoona ndithu, koma madzi nawo amapezekamo, sindinamvepo wina akusiya kumwa madzi pa chifukwa chimenecho. Zotsukira mu galaja zimakhala zaukali chifukwa cha kuchuluka kwake ndi makemikolo ena amene amathiramo.

Koma pali kachoonadi kena kamene mphekeserayi inakasokoneza, ndipo kakukhudza SLES yanu ija osati SLS. SLES ndi sodium laureth sulfate, popanga amawonjezera ethylene oxide kuti ikhale yofatsa pa khungu, ndipo imafatsadi, imachitanso bwino m'madzi a mchere wa laimu. Kungoti pa kapangidwe kameneka pamatha kutsalira kachinthu kotchedwa 1,4-dioxane, kamene IARC inakaika mu gulu la 2B, kutanthauza kuti mwina kangayambitse khansa mwa anthu. Mafakitale abwino amakachotsa mpaka kutsala kochepetsetsa, ndipo boma la New York linaika lamulo loti mu sopo ndi zotsukira za m'nyumba kasapose gawo limodzi pa miliyoni kuyambira kumapeto kwa 2023. Inu simungakaone ndi maso kapena kukanunkhiza, chomwe mungachite ndi kupempha ogulitsa akupatseni pepala la certificate of analysis, losonyeza zimene anapeza atayeza katundu amene mwagulayo, pamakhala mzere wa dioxane. Wogulitsa amene amangokutapirani mu chigubu chopanda dzina la fakitale, ameneyo ine sindingamudalire.

Nanga wina akameza? Pa makoswe, mlingo umene umapha theka la oyesedwa ndi mamiligalamu 1288 pa kilogalamu ya thupi, mchere wamba ndi cha mma 3000. Khoswe si munthu, koma zikupatsani chithunzi kuti si poizoni wa dontho limodzi, komanso si madzi. Mwana akamwa pang'ono sopo wosungunula kale nthawi zambiri amachita nseru, kusanza, kutsegula m'mimba. Choopsa ndi thovu. Musamusanzitse, musamutose chala kukhosi, chifukwa thovu likamabwerera limatha kulowa mu mapapo ndipo kumeneko ndi kumene kumavulaza. Mutsukuluzeni mkamwa, mupatseni madzi pang'ono chabe osati makapu ndi makapu, ndipo ngati wameza ufa kapena SLES yosasungunula, kapena akutsokomola, akubanika, akuwodzera, thamangani naye kuchipatala mutanyamula paketi yake. Zimaipa kwambiri ngati mu msakanizomo munali kale caustic soda kapena sulphonic acid zosaphwa, izo zimawotcha kummero zenizeni, musadikire kuti muone kaye.

Ufa uja ndi umene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Ndi wopepuka kwambiri, kungotsegula thumba umauluka, ndipo ukafika mu mphuno ndi kukhosi umachita zomwe zija umachita pa manja koma pa malo onyowa ofewa. Kuyetsemula kwanu ndi kumeneko, ndipo kwa munthu wa mphumu kungathe kumudzutsira chifuwa. Pa mapepala a chitetezo a ufa wa SLS pamalembedwa kuti umavulaza ukaupuma, umaluma khungu, ndi woti ukhoza kuyaka moto, komanso pali chizindikiro cha H318, chimene chimatanthauza kuwononga maso kwambiri, osati kungowawa ngati shampu ikakulowa posamba. Diso lilibe chikopa cholimba ngati dzanja, ufa ukagwera pa galasi la diso umayamba kumasula mapuloteni ake pompo. Zikachitika thirani madzi oyera oyenda kwa mphindi zosachepera 15 zikope mutazitsegula ndi zala, osatikita, kenako kuchipatala olo mukumva ngati zaphwa. Mphindi 15 ndi zambiri ukakhala ukuthira, anthu ambiri amasiya pa zitatu, yang'anani wotchi.

Ndiye pophika valani magalasi aja otseka mbali zonse, a maso wamba ufa umalowera m'mbali. Masiki ikhale N95 kapena FFP2, kansalu komanga kumphuno sikagwira fumbi limeneli. Magolovesi a nitrile ofika mpaka pa mkono, ndipo akalowa madzi a sopo mkati avuleni msambe, chifukwa SLS yotsekeredwa mkati mwa golovesi ndi thukuta imaluma kuposa mukanakhala chimanjamanja. Yambani mwathira madzi mu ndowa, ufa uzibwera pambuyo, chotapira chili pafupi ndi madzi osati kukhuthula muli chiimire, fani ikhale yozima koma mawindo otsegula, moto ndi ndudu kutali. Ngati ogulitsa ali ndi SLS ya timitengo kapena ya timibulu tengani imeneyo, ntchito ndi yomweyo koma fumbi ndi lochepa kwambiri, mwina kuyetsemula konseko kungathere pompo. Ukatayika pansi musausese mwamphamvu, wolani mofatsa nkupukuta ndi nsalu yonyowa, ndipo samalani poyenda, pansi pamaterera koopsa.

SLES ya 70 peresenti ilibe fumbi koma maso imawononga chimodzimodzi, nde magalasi musavule. Iyo muziithira pang'onopang'ono m'madzi mukutakasa, mukathira madzi pa iyo imagwirana nkukhala chimbulu cholimba chovuta kusungunuka. Mchere umaikhwimitsa inde, koma ukapitirira muyeso sopo amabwereranso kukhala madzi, ndiye musamawonjezere SLS poganiza kuti ndi imene yachepa.

Zosakaniza zina ndi zongotaya ndalama. SLS ndi SLES zili ndi mphamvu ya magetsi ya negativi, zofewetsera zovala ndi zophera majeremusi monga benzalkonium chloride zili ndi ya pozitivi, zikakumana zimagwirana nkuphana mphamvu, sopo satsuka majeremusi safa. Zina ndi zoika moyo pachiswe, bulichi asakumane ndi asidi kapena amoniya, mpweya umene umatuluka pamenepo ndi umene ungakugwetseni mu chipinda chotseka.

Mankhwala otsukira mano a ana asakusowetseni tulo. Mumakhala SLS pang'ono, kawirikawiri sipitirira 2 peresenti, ntchito yake ndi kufalitsa mankhwalawo mkamwa, mwana azingolavula akamaliza. Pali anthu ena amene amatuluka tizilonda ta mkamwa pafupipafupi amene amapeza bwino akasinthira ku mankhwala opanda SLS, ngati wina kwanu ali choncho yesani, palibe chimene mutaye. Ija imakuchitikirani kuti mukangotsuka mano chakumwa cha malalanje chimawawa, ndi SLS yomweyi, imagonetsa kaye mphamvu ya lilime yomva kutsekemera.

Chimene chingavulaze anawo ndi katundu wanu wophikira. Ufa woyera wopanda fungo ndi wosavuta kuusokoneza ndi zina za m'khitchini, sopo wobiriwira kapena wofiira mu botolo la chakumwa mwana sangakayike. Sungani mu chotengera chake chotseka bwino, cholemba dzina, pamalo ouma okwera chifukwa ufawo ukakoka chinyezi umaundana. Madzi otsukira ndowa musakawakhuthulire mu mtsinje kapena dziwe la nsomba, SLS imawola msanga ndithu mabakiteriya akaipeza koma isanawole imawononga makha a nsomba.

Bizinesi musasiye mayi. Manjawo apumitseni, muzidzola mafuta opanda fungo monga petroleum jelly mukamaliza ntchito ndi pogona, ndipo pakatha milungu iwiri kapena itatu mukuvala magolovesi koma sakusintha, kapena ayamba kutuluka madzi ndi mafinya, kawonetseni kwa dokotala, mwina chikukuvutani si SLS yokha koma pafyumu kapena mankhwala oletsa kuwonongeka amene mumathiramo, amenewo ndi amene amakonda kuyambitsa ziwengo. Pa shampu ndingasinthiretu ku SLES nkuthirako cocamidopropyl betaine, imachepetsa ukali ndipo thovu limene makasitomala anu akufuna limabwerabe.