Makompyuta ogula masheya mothamanga, kodi amatibera?

Achimwene, mwafunsa ngati makompyuta ogula ndi kugulitsa masheya m'kuphethira kwa diso, aja amati high frequency trading, amabera anthu wamba. Kuba kwenikweni ayi, koma ali ndi khalidwe lina lomwe ine limandinyansa.

Phindu lawo pa sheya imodzi ndi kachinthu kochepetsetsa, ndiye mpikisano wonse wagona pa kufika msanga. Mu 2010 kampani ya Spread Networks inakumba ngalande yowongoka kuchokera ku Chicago mpaka ku New Jersey ku America, polumikiza misika ya m'malo awiriwa, kuboola ndi mapiri omwe, n'kuyalamo waya wa fiber. Analowetsapo madola pafupifupi 300 miliyoni kuti uthenga uzipita n'kubwerako m'mamilisekondi 13 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000). Sipanatenge nthawi, ena anamanga nsanja za microwave, zotumiza uthenga m'mlengalenga popanda waya, n'kuwasiya m'mbuyo.

Zinthu zikakhala bwino makinawa amathandiza ndithu, chifukwa mtengo wogulira ndi wogulitsira umayandikana. Koma ali ngati mavenda a pa depoti: kukacha bwino ali mbwee, mvula ikangodontha onse balala. Pa 6 Meyi 2010, Dow Jones, muyeso wa mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a ku America, inatsika ndi mapointi pafupifupi 1,000, ambiri mwa iwo m'mphindi zowerengeka chabe. Makampani ena anazimitsa dala makina awo, ogula n'kusowa. Masheya a kampani ya Accenture, omwe m'mawa anali pa madola pafupifupi 40, anagulitsidwa pa senti imodzi! Malonda amene anapatuka pa mtengo ndi 60 peresenti kapena kuposa anafafanizidwa, koma munthu amene anagulitsa motchipa ndi 30 peresenti, zake zinada basi. Mitengo inabwerera tsiku lomwelo iye atataya kale.

Eni makinawo nawonso amapsa. Pa 1 Ogasiti 2012 pulogalamu ya pakompyuta ya kampani yogula ndi kugulitsa masheya ya Knight Capital inasokonekera, madola 440 miliyoni n'kupita m'mphindi 45.

Kwa ine nkhani yagona pa kamangidwe ka msika. Msika wa masheya wa IEX ku America unakulunga waya wa makilomita pafupifupi 61 m'kabokosi, kuti oda iliyonse izichedwa ndi mamaikirosekondi 350 (osakwana theka la milisekondi imodzi). Munthu sangazindikire n'komwe, koma wothamanga uja mwayi wake umachepa.

Inuyo mukamagula kudzera pa app, muziika limit order, kutanthauza kuti mwatchuliratu mtengo womwe simungapitirire. Oda yoti "gulitsani pa mtengo uliwonse" ndi imene inaliza anthu tsiku lija la 6 Meyi 2010. Za ku Malawi Stock Exchange musade nazo nkhawa, kumeneko vuto ndi lina: masheya ena mutha kudikira masiku wogula osaoneka.