Kapolo ankatha kudziwombola: pangano la mukataba

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti m'malamulo a Chisilamu kapolo ankatha kugula ufulu wake. N'zoona ndithu, ndipo panganolo limatchedwa mukataba. Qur'an pa 24:33 ikuuza eni akapolo kuti kapolo akapempha panganoli, iwo akamuona kuti ndi wabwino, amulembere, ndiponso amupatseko chuma chimene Allah wawapatsa. Ankagwirizana mtengo, kapolo n'kumalipira pang'onopang'ono, ndipo kuyambira pamenepo ankaloledwa kuchita malonda n'kumasunga zimene wapeza.

Taonani Salman al-Farisi ku Madina. Mbuye wake anatchula mitengo ya tende 300 yodzala kuphatikizapo ma uqiya (muyeso wa kulemera) 40 a golide. Munthu mmodzi akanazitenga kuti? Maswahaba, anzake a Mtumiki Muhammad (SAW), anasonkha mbande, uyu 30, uyu 20, wina 10, aliyense monga analili nazo. Salman anakumba maenje, Mtumiki (SAW) n'kumadzala ndi manja ake. Mdzakazi wina, Barira, naye anapangana ma uqiya 9, imodzi pachaka, mpaka Mayi Aisha, mkazi wa Mtumiki, anamulipirira zonse. Ngakhale zakaat (chopereka chokakamizidwa pa Msilamu), pa Qur'an 9:60, ili ndi gawo lowombolera akapolo.

Njira zinalipo zina: mbuye kulonjeza kuti akadzamwalira kapoloyo ndi mfulu, mdzakazi wobereka mwana wa mbuye wake kumasuka mbuyeyo akamwalira, ndi kumasula kapolo ngati dipo la tchimo, monga kuswa lumbiro kapena kupha munthu mwangozi.

Koma tisabise pamene pakuwawa. Ma ulama (akatswiri a chipembedzo) ambiri anati mukataba ndi chinthu chabwino chabe, mbuye akhoza kukana. Ibn Hazm ndi ena ochepa anati ayi, n'lamulo. Ine mtima wanga uli ndi ochepawa, pakuti Anas ibn Malik atakaniza kapolo wake Sirin panganoli, Umar, mtsogoleri wa Asilamu panthawiyo, anakwapula Anas n'kumuwerengera ndime ija ya 24:33, Anas n'kuvomera. Chinanso chowawa, wolephera kumaliza ngongole ankabwerera mu ukapolo, ngakhale itatsala dirham (kandalama ka siliva) imodzi yokha.

Ndiye musasokoneze izi ndi zimene zinkachitika ku Nkhotakota nthawi ya a Jumbe, pamene makolo athu ankagwidwa m'midzi n'kuwolotsedwa nyanja kupita ku Kilwa ndi Zanzibar. Amenewo anali mfulu zobedwa. Hadith (mawu a Mtumiki) ya m'buku la Bukhari ikuti wogulitsa mfulu n'kudya ndalama yake ndi mmodzi mwa anthu atatu amene Allah adzalimbane nawo pa tsiku la chiweruzo.