Kaufa ka m'jumbo: yankho la azakhali pa gulupu ya banja

Moni nonse pa gulupu pano. Pepani ndachedwa kuyankha, foni inathima dzulo, ndangokaitchajitsa kumene kumsika. Ndasankha kulankhula chifukwa tizilembo iti maso anga sakutionanso bwino.

Mwananga wa ku Joni, funso lako andiwerengera. Akuti wafunsa kuti, "Azakhali, inu mumati Mulungu amatikonda, nanga chikondicho mumachionera pati? Ine miyezi inayi ntchito palibe, lendi ikundidikira, kupemphera ndikupemphera koma kuli zii." Ndamva kuti ena akuyankha kale ndi mavesi, zikomo, achita bwino. Koma usachite manyazi kuti wafunsa, bambo. Tsegula Salimo 13, Davide yemweyo anafunsa Mulungu kanayi konse kuti kodi zimenezi zidzatha liti. Ndipo salimolo sanalichotse m'Baibulo ayi, lilimo mpaka lero.

Tsono ndikuuze chinthu chimene sindinauzepo munthu pa gulupu pano, ngakhale mayi ako.

Ukukumbuka 2024, chaka chimene mvula inadula chimanga chili pofuna kumasula, mpaka boma linalengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Ndi chaka chomwecho bambo ako anagonekedwa kuchipatala ku Blantyre, ine ndili gadiyani. Masabata asanu ndikugona pansi pambali pa bedi lawo, nditayala chitenje. Ndalama unatumiza ija inatithandiza kwambiri, koma pofika sabata yachitatu inali itathera ku mankhwala ogula ndi thiransipoti. Sindinafune kukuuza, ndinkadziwa kuti nawenso ukuvutika.

Tsiku lina m'mawa ndinapita kukhitchini ya magadiyani ndi poto, madzi, ndi tinkhuni titatu. Ufa ndinalibe ngakhale wodzaza chikhatho. Ndinateleka potoyo basi, kuti anthu asadziwe. Madzi awira, ine ndawonjezera ena. Awiranso, ndawonjezeranso. Ndikuyang'ana moto, m'mtima ndikungoti, Ambuye, alongo anga aja ndikawauza chiyani. Pafupi nane pankaphika mayi wina wa Chiyao wochokera ku Mangochi, Msilamu, mwana wake anali ku wodi ya ana. Tinali tisanalankhulanepo kupatula moni. Mayi uja anandiyang'ana, nayang'ana poto, osafunsa kanthu. Anangomasula kajumbo kake, natenga chivundikiro cha poto wanga, nkuthirapo ufa mpaka unatundumuka, pambali nkuikapo usipa wodzaza dzanja. Mawu ake anali awa okha: "Mayi, nkhuni zikutha, phikani."

Mwananga, kajumboko ndinakaona ndi maso angawa. Kanali kochepa. Zimene anandipatsazo zinali pafupifupi theka la zonse anali nazo, ndipo nayenso sankadziwa kuti atuluka liti. Ndinaphika nsima ija misozi ikugwera m'poto. Bambo ako tsiku limenelo anadya mbamu zingapo, nati, "Usipa uwu wakoma ngati wa kunyanja," osadziwa kuti unachokeradi kunyanja. Patapita masiku awiri ndinakamufuna mayi uja kuti ndimuthokoze bwino, ndinapeza atatulutsidwa. Dzina lake sindinalifunse. Mpaka lero ndimamupempherera, ndimangoti mayi wa ku Mangochi uja, Mulungu amamudziwa.

Usiku wake ndinakumbuka nkhani ya Eliya pa 1 Mafumu 17. Kunali chilala, mtsinje unaphwa, ndiye Mulungu anamutumiza kwa mayi wamasiye wa ku Zarefati. Mayi ameneyo sanali Mwisraele ayi, anali wa dziko la Sidoni, ndipo anali ndi kaufa kodzaza dzanja m'mbiya ndi timafuta pang'ono, akutola nkhuni ziwiri kuti aphike komaliza iye ndi mwana wake. Ine nkhaniyi ndinaiphunzitsapo ku Sande sukulu zaka zambiri, koma ndinaimvetsa tsiku limenelo pa mafuwa a kuchipatala. Mulungu akafuna kukudyetsa sayamba wafunsa kuti mwini ufayo amapemphera kuti.

Ndiye sindikunamiza, bambo. Chimene ndinkapempha kwenikweni sindinalandire. Ndinkapempha kuti alongo anga achire, ndinasala kudya, abusa anabwera kudzawapempherera, koma anatisiya ndithu. Zinandiwawa, ndipo panapita nthawi ndisanathe kuimba m'tchalitchi osalira. Amene angakuuze kuti wokhulupirira salira, ameneyo sanaikepo m'bale wake m'manda. Yesu mwini analira pa manda a Lazaro.

Koma iwe sunathe kubwera kumaliro chifukwa cha mapepala, ndiye ndikuuze zimene ndinaona. Chinali chaka cha njala, nkhokwe zonse m'mudzi zili pululu, anthu akudya kamodzi patsiku. Komabe amayi ankabwera mmodzimmodzi, wina kambale ka ufa kobisa m'chitenje, wina mtolo wa nkhuni, wina nyemba za m'kapu. Amayi a Mvano anagona pasiwa usiku uwiri akuimba, agogo ena okalamba moti kuyenda ndi ndodo, koma sanachoke mpaka kunacha. Adzukulu anakumba manda pa dothi louma gwaa ngati mwala, manja mpaka kutuluka matuza. Pamaliro a bambo ako palibe mlendo anabwerera ndi njala. Ufawo unachokera kuti, ine mpaka lero sindimatha kuwerengera.

Nchifukwa chake ine sindigwirizana nawo aneneri ena amasiku ano amene amati chizindikiro chakuti Mulungu amakukonda ndi galimoto, nyumba ya mpanda, kapena ndalama yolowa mufoni mozizwitsa. Ndiye kuti agogo a Mvano aja Mulungu sawakonda? Ayi, zimenezo ndimakana. Zimangopweteka mitima ya ana ngati iwe, mumayamba kudziona ngati otembereredwa. Yesu ananena pa Mateyu 5 kuti Atate amawalitsira dzuwa oipa ndi abwino omwe, mvula imagwera olungama ndi osalungama. Chuma si sikelo yoyezera chikondi chake. Taona mana a m'chipululu pa Eksodo 16. Zaka 40 Aisraele aja akudya, koma ankatola za tsiku limodzi basi, kupatula tsiku loti mawa lake ndi Sabata pamene ankatola za masiku awiri. Amene anayesa kusunga, kutacha anapeza muli mphutsi. Ndipo m'pemphero lija timanena Lamulungu lililonse timapempha chakudya chathu chalero. Sitipempha cha mwezi wathunthu. Vuto lake nlakuti cha tsiku limodzi chimabwera mwakachetechete, munthu umadya nkuiwala kuti unalandira.

Tsono ndibwere kwa iwe. Mayi ako anandiuza kuti mnzako wa ku Mzimba uja anakutenga m'chipinda chake, nati udzalipira ukadzapeza ntchito. Anandiuzanso za mayi wa ku Zimbabwe wogulitsa pa kona amene amakupatsa buledi pa ngongole osakulemba m'buku. Anthu amenewa si abale ako, magazi ndi osiyana, nawonso ndi alendo m'dziko la eni. Ndani anawaika mtima umenewo? Sindikunena kuti ndiwe wosayamika ayi, usandimve molakwa. Njala imawawa, ndipo mwamuna kukhala osagwira ntchito kumadya mtima. Ndikungoti pamene ukuti kuli zii, ine kuno ndikumva mapazi.

Chimene ndimachita ine kuyambira nthawi ya kuchipatala ija, ndisanagone ndimatchula mokweza zimene zandifika tsikulo zomwe sindinagule. Dzulo ndinatchula zitatu. Kamwana ka aneba kananditungira madzi ndowa ziwiri osakatuma. Nkhuku yanga yakuda ija yaswa anapiye asanu ndi awiri. Ndipo kuchipatala chathu chaching'onochi ndinapeza mankhwala anga a BP alipo. Masiku ena ndimapeza chimodzi chokha. Alipo masiku amene ndimafufuza osapeza kanthu, ndiye ndimangomuuza chilungamo kuti, Atate, lero sindinakuoneni, mundidzutse mawa ndidzayang'anenso. Tayesa sabata imodzi yokha, udzandiuze.

Komanso usadzitsekere m'chipinda. Ku Johannesburg kuli Amalawi ambiri amene amasonkhana Lamulungu, pita ukakhale nawo ngakhale ulibe chopereka, ndipo ukauze mkulu wa mpingo mmodzi kuti ukufuna ntchito. Mayi wa ku Mangochi uja anaona poto wanga chifukwa ndinapita kukhitchini. Ndikanakhala ku wodi ndi manyazi anga, bwenzi alongo anga atagona ndi njala.

Iwe msuweni wake wa ku Cape Town, ndikudziwa ukumvetsera, muimbire m'bale wako lero lomwe, mukambirane za lendiyo. Ine ndagulitsa nandolo, ndagayitsa chimanga ndowa imodzi, ndagulanso usipa. Pali mnyamata wa kumpingo kwathu akukwera basi ya ku Joni Lachisanu, wavomera kunyamula. Unditumizire nambala ya mnzako wa ku Mzimba uja kuti akafika asavutike kukupezani, ndipo mayi wa buledi uja ukamupatseko usipawo. Ndiimbire Lamulungu madzulo ndikaweruka ku tchalitchi, foni ndiisiya yotchaja.