Khonsolo yalola malo omwetsera mafuta pafupi ndi sukulu: tichite chiyani?

FUNSO: Akonzi, m'tauni yathu yaing'ono khonsolo yalola munthu wina kumanga malo omwetsera mafuta galimoto moyang'anizana ndi geti la sukulu ya pulaimale. Ife makolo tinangoona anthu akukhoma zikhomo ndi kutsitsa njerwa, ndipo titafunsa khansala wathu anatiuza kuti nkhaniyo inatha kale. Kodi khonsolo ingachite zimenezi osatifunsa? Ndine kholo lodandaula.

YANKHO: Zikomo chifukwa cha funso lanu. Mphamvu yonena kuti apa pakhale nyumba zogona, apo malonda, apo sukulu, makhonsolo ali nayo ndithu, ndipo siyachilendo. Mzinda wa New York unakhazikitsa malamulo otere okhudza mzinda wonse mu 1916, ndipo mu 1926, pa mlandu wa pakati pa mudzi wa Euclid ndi kampani ya Ambler Realty, khothi lalikulu la ku America linavomereza kuti boma la dera likhoza kumuikira malire mwini malo pofuna kuteteza umoyo ndi chitetezo cha anthu. Ku Britain nako, kuyambira ndi lamulo la 1947, kukhala mwini malo sikumupatsa munthu ufulu womanga popanda chilolezo.

Popeza mphamvuyi inaperekedwa kuti iteteze anthu, ili ndi ndondomeko yake, ndipo m'pamene pagona mlandu wanu. Pitani ku ofesi ya khonsolo mukapemphe kuona pulani ya tauni yanu, kalata yopempha chilolezo, komanso zimene zinalembedwa pa msonkhano umene unavomereza pempholo. Ngati pulani ikusonyeza kuti malowo ndi a nyumba zogona kapena bwalo losewerera ana, ndiye kuti pasinthidwa ntchito ya malo, ndipo malamulo a m'mayiko ambiri amalamula kuti kusintha kotere kulengezedwe, anthu n'kupatsidwa nthawi yopereka madandaulo. Chilolezo chimene chinalumpha ndondomekoyi chikhoza kuthetsedwa, ngakhale khansala atanena kuti nkhani inatha.

Dandaulo lanu likhale lolembedwa, ndipo ndi bwino lichokere ku komiti ya sukulu, makolo n'kusainira. Kungolemba kuti simukufuna sikuthandiza kwenikweni. Fotokozani zimene munthu angaone ndi maso: galimoto zikuluzikulu zonyamula mafuta zidzakhotera pamene ana aang'ono amawolokera msewu m'mawa, dalaivala amene ali pamwamba sangaone mwana amene wayima pafupi ndi tayala, ndipo thanki yokwiriridwa pansi ikayamba kudontha, mafuta amalowa m'nthaka n'kuwononga madzi a pamjigo kwa zaka zambiri.

Kunena zoona, makhonsolo a matauni ang'onoang'ono amakhala ndi ndalama zochepa, choncho msonkho wa malo ndi ndalama za ziphaso zochokera ku bizinesi yatsopano zimawakopa, chifukwa n'zomwe zimalipirira kuchotsa zinyalala ndi kukonza ngalande. Vutoli ndi lenileni, koma kwa ife silingakhale chifukwa choika ana pachiswe, makamaka pamene malo ena a m'mbali mwa msewu womwewo akanatha kubweretsa msonkho womwewo.

Chomwe tikukupemphani n'chakuti musazengereze. Nthawi yochita apilo imakhala yochepa, kawirikawiri milungu yowerengeka kuchokera tsiku la chigamulo, ndipo khothi limavuta kupereka chiletso nyumba ikakwera kale. Musazule zikhomo kapena kuwononga katundu wa womangayo, chifukwa mlandu ukhoza kukutembenukirani. Mukapeza makalata aja, kaonaneni ndi loya mlungu womwewo.