Tifunseni za Nyimbo: Sonny Rollins ndi Zaka Zake za pa Mlatho

Mwezi uno awerengi angapo atilembera pofuna kudziwa za munthu mmodzi, katswiri wa nyimbo za jazz wa ku America, Sonny Rollins, choncho tasankha makalata anayi kuti tiwayankhire pamodzi.

FUNSO: Akonzi, ndinamva pa wailesi nyimbo yopanda mawu yotchedwa St. Thomas, ndipo muulutsi anati anaiimba ndi Sonny Rollins pa tenor saxophone. Kodi munthu ameneyu ndani, nanga chida chakechi chikusiyana bwanji ndi zinzake? Ndine bambo wokonda kumvera wailesi.

YANKHO: Zikomo kwambiri bambo. Saxophone ndi chida chowomba ndi pakamwa chimene anachipanga ndi Adolphe Sax wa ku Belgium, yemwe analandira chiphaso cha umwini wake ku France mu 1846. Thupi la chidachi ndi la mkuwa, koma mawu ake amachokera pa kachidutswa kopyapyala ka bango kamene amakamangirira kukamwa kwa chidacho, ndipo kamanjenjemera woimba akamauzira mpweya. Mitundu yodziwika kwambiri ilipo inayi, yomwe ndi soprano, alto, tenor ndi baritone. Tenor ndi yokulirapo kuposa alto, khosi lake ndi lopindika, ndipo mawu ake ndi onenepa, oyandikana ndi mawu a munthu wamwamuna akamayankhula. Amene anachititsa kuti chidachi chilemekezedwe mu jazz ndi Coleman Hawkins, kuyambira m'zaka za m'ma 1920 pamene ankaimba m'gulu la Fletcher Henderson.

Rollins anabadwira ku New York pa 7 Seputembala 1930, ndipo makolo ake anachokera ku zilumba za Virgin Islands m'nyanja ya Caribbean. Anakulira ku Harlem, m'dera la Sugar Hill, kumene Hawkins mwiniwakeyo ankakhala, moti mnyamatayo ankamuona ndi maso munthu amene ankamusirira. Anayamba ndi piyano, kenako alto, ndipo mu 1946 anasamukira ku tenor. Pofika 1949, asanakwanitse n'komwe zaka 20, anali atajambula kale nyimbo ndi akatswiri monga Bud Powell ndi J. J. Johnson, ndipo mu 1954 Miles Davis anajambula naye nyimbo zitatu zimene Rollins anapeka, zomwe oimba a jazz amaziphunzirabe mpaka lero.

Koma njira yake sinali yosalala. Monga achinyamata ambiri a jazz a nthawi imeneyo, anakodwa mu msampha wa mankhwala ozunguza bongo a heroin, ndipo mu 1950 anamangidwa pa mlandu wokhudza kuba ndi mfuti, nakhala miyezi 10 m'ndende ya Rikers Island. Mu 1955 anapita mwa kufuna kwake ku chipatala cha boma cha ku Lexington, m'chigawo cha Kentucky, kumene anathandizidwa mpaka kusiyiratu mankhwalawo. Kumapeto kwa chaka chomwecho analowa m'gulu la woimba lipenga Clifford Brown ndi woimba ng'oma Max Roach. Nyimbo imene munaimvayo ili m'chimbale cha Saxophone Colossus, chimene chinajambulidwa pa 22 Juni 1956, ndipo maimbidwe ake ndi a calypso, mtundu wa nyimbo za ku zilumba za Caribbean, chifukwa anaitenga pa kanyimbo kamene mayi ake, omwe kwawo kunali ku chilumba cha St. Thomas, ankamuimbira ali mwana. Patangotha masiku anayi chijambulireni chimbalechi, Brown anamwalira pa ngozi ya galimoto ali ndi zaka 25 zokha, ndipo imfayi inamukhudza kwambiri Rollins, pakuti Brown ndi amene anamuonetsa kuti munthu angathe kukhala katswiri wa jazz popanda kukhudza mankhwala.

FUNSO: Akonzi, mnzanga akuti Rollins anasiya ntchito ali pachimake pa kutchuka n'kumakaimba yekha pa mlatho kwa zaka ziwiri. Ine ndikuona ngati mutu unali utasokonekera kapena anabwerera ku mankhwala, chifukwa munthu wabwinobwino sangasiye ndalama n'kumakaimbira mphepo. Tiuzeni zoona zake. Ndine mayi wochita malonda.

YANKHO: Mayi, mnzanuyo wanena zoona pa za mlatho, koma pa chifukwa chake ndikupemphani kuti muganizirenso, pakuti Rollins sanadwale misala ndipo mankhwala anali atasiyana nawo zaka zinayi m'mbuyomo. Mu 1959 dzina lake linali pakamwa pa aliyense wokonda jazz, ndipo olemba nkhani ankamutchula kuti ndiye mfumu ya tenor. Vuto linali lakuti iye mwini, akamvetsera zimene ankaimba, sankakhutira nazo. Ankaona kuti matamando athamanga kuposa luso lake, ndiponso kuti anthu amene alipira pakhomo kudzamumvera akulandira zochepa poyerekeza ndi zimene dzina lake likulonjeza. Munthu amene amaimba m'makalabu usiku uliwonse sapeza mpata wokonza zofooka zake, chifukwa masana amagona ndipo usiku amabwereza zimene zala zake zinazolowera kale. Choncho m'chilimwe cha 1959 anaimitsa zoimbaimba zonse za pagulu pamodzi ndi zojambula.

Nanga mlatho unabwera bwanji? Iye ndi Lucille, amene anadzakhala mkazi wake, ankakhala m'nyumba ya mdadada pa msewu wa Grand Street, m'dera la Lower East Side ku Manhattan, kumene mabanja amalekanitsidwa ndi khoma lokha. Tenor ndi chida chaphokoso, ndipo mmodzi mwa oyandikana nawo anali mayi woyembekezera, kotero Rollins sanafune kusowetsa anthu mtendere. Tsiku lina akuyenda anakwera njira ya oyenda pansi ya pa mlatho wa Williamsburg, umene umadutsa pamwamba pa mtsinje wa East River kulumikiza Manhattan ndi Brooklyn, ndipo anapeza kuti kumeneko kumadutsa anthu ochepa kwambiri. Pambali pake pankadutsa sitima zapamtunda, m'munsi mwake magalimoto, ndipo pamtsinjepo mabwato ankaliza mahutala awo, moti munthu akanatha kuwomba chida ndi mphamvu zake zonse popanda wodandaula.

Kumeneko ndi kumene ankapita, nthawi zina kwa maola 15 kapena 16 pa tsiku, m'nyengo yotentha ndi yozizira yomwe, mpaka chakumapeto kwa 1961. Taganizirani za zala za munthu zikugwira mabatani achitsulo m'chisanu cha ku New York, mphepo ya pamtsinje ikumuwomba kumaso. Palinso phindu lina limene oimba zida zowomba amalidziwa bwino: m'chipinda makoma amabweza mawu n'kuwakometsera, pamene pabwalo palibe chobweza, ndiye woimba amayenera kudzaza malowo ndi mpweya wa m'chifuwa mwake. Pa nthawi yomweyo anayambanso kulimbitsa thupi ndi kuchita yoga. Za ndalama zimene mwatchulazo ndi nkhani yeniyeni, ndipo apa ulemu upite kwa Lucille, amene ankagwira ntchito kuti pakhomo pasasowe chakudya, ndipo m'zaka za m'tsogolo ndiye anadzakhala woyendetsa ntchito zonse za mwamuna wake.

Tisabise kuti panalinso mpikisano umene unkamutokosa. M'chaka chomwecho cha 1959 mnzake John Coltrane, woimbanso tenor, amene anajambula naye nyimbo imodzi yokha mu 1956, anali akukwera mwamphamvu, ndipo Ornette Coleman, woimba alto, anafika ku New York ndi maimbidwe achilendo amene anagawanitsa oimba. Rollins ankaziona zonsezi, koma sanathamangire kutengera aliyense. Atabwerera anatulutsa chimbale cha The Bridge mu 1962, ali ndi Jim Hall pa gitala, ndipo ena mwa olemba nkhani anakhumudwa chifukwa ankayembekezera kuti munthu wochoka pa mlatho abwera ndi nyimbo zosamvekapo chiyambire. Ine ndimaona kuti iwowo ndi amene analakwitsa kuyembekezera, pakuti cholinga chake chinali choti azitha kulamulira chida chake mokwanira, ndipo aliyense womvetsera chimbalecho modekha amamva mawu olimba, mpweya wautali ndi mtima wokhazikika. Ndipo sikunali komaliza kudzipatula, chifukwa kuyambira 1969 mpaka 1971 anasiyanso kuimba pagulu, ndipo m'zaka zimenezo za kufunafuna za uzimu anakakhalako miyezi ingapo ku India akuphunzira yoga ndi kusinkhasinkha.

FUNSO: Akonzi, ndikuphunzira kuimba saxophone ndipo aphunzitsi anga andiuza kuti ndizimvera Rollins, koma nyimbo ikangoyamba bwinobwino iye amapatuka n'kuyamba kuimba zina, ine n'kusokonezeka. Kodi ndizimvera chiyani kwenikweni? Ndine mtsikana wa pasukulu.

YANKHO: Chemwali, aphunzitsi anuwo akuuzani zanzeru, ndipo kusokonezeka kwanuko ndi kumene aliyense amayambira. Mu jazz gulu limayamba ndi kuimba nyimbo monga inapekedwera, kenako woimba mmodzimmodzi amapeka zake pomwepo, pamene anzake akupitiriza kuzungulira pa maziko omwe aja a nyimboyo. Oimba ambiri akafika pamenepa amathamangitsa manoti ogwirizana ndi mazikowo, osakumbukanso nyimbo imene anayamba nayo. Rollins amasiyana nawo chifukwa iye sataya mutu wa nyimbo. Amatola kachigawo kakang'ono n'kumakatembenuza uku ndi uku, monga mmene mlaliki waluso amatengera vesi limodzi n'kulifutukula kwa ola lathunthu osachokapo.

Kuti mumve zimenezi, yambani ndi nyimbo ya Blue 7, yomwe ndi yomaliza m'chimbale cha Saxophone Colossus. Imayamba ndi bezi ya Doug Watkins, chida chachikulu cha zingwe cha mawu otsika, ikuyenda yokha pang'onopang'ono, kenako Max Roach amalowa ndi ng'oma, ndipo Rollins akabwera amaimba kachigawo ka manoti ochepa chabe, kosavuta kukang'ung'udza. Kagwireni kameneko ndi khutu lanu ndipo mukatsatire, chifukwa mudzakamva kakubwerera katafupikitsidwa, katatalikitsidwa, katachedwetsedwa, kapena katabisika pakati pa manoti othamanga. Mu 1958 katswiri wa maphunziro a nyimbo Gunther Schuller analemba nkhani yotchuka yofotokoza kamangidwe ka nyimbo imeneyi, ndipo inathandiza anthu ambiri kuzindikira kuti zopeka pomwepo zingathe kukhala ndi dongosolo lofanana ndi nyimbo yolembedwa papepala.

Mukazolowera, pitani ku zimbale zimene anajambula mu 1957 popanda piyano, ali ndi bezi ndi ng'oma basi, monga Way Out West ndi chija anajambula pamaso pa anthu mu kalabu ya Village Vanguard. Piyano ikachoka palibenso womukumbutsa woimba pamene nyimbo yafika, ndipo palibenso pobisala, koma ufulu umachuluka. Mwa njira yomweyi anajambula Freedom Suite mu 1958, nyimbo ya mphindi pafupifupi 19 yodandaula za tsankho limene anthu akuda ankakumana nalo ku America, pa nthawi imene oimba ochepa okha ankalimba mtima kunena zimenezi poyera. Iye mwini, ngakhale anali wotchuka chotero, anakanizidwapo nyumba ya lendi ku New York chifukwa cha khungu lake. Pomvera musaiwale kutchera khutu ku malo amene amakhala chete, chifukwa wophunzira aliyense amafulumira kudzaza mpata uliwonse, pamene Rollins amadziwa kudikira kuti ng'oma ziyankhe.

FUNSO: Akonzi, n'chifukwa chiyani sitimvanso nyimbo zatsopano za Rollins, nanga zaka zake za ukalamba zinayenda bwanji? Ndine gogo amene ndinasunga zimbale zake zakale.

YANKHO: Agogo, chimene chinamuletsa ndi matenda a m'mapapo otchedwa pulmonary fibrosis, amene amaumitsa mapapo n'kuchepetsa mpweya, ndipo kwa munthu woimba chida chowomba nkhani imathera pomwepo. Anaimba komaliza pagulu mu 2012, ndipo mu 2014 anasiyiratu kuwomba saxophone. Asanafike pamenepo anagwira ntchito zaka zoposa 60. Mu 1981 anaimba nawo m'chimbale cha gulu la Rolling Stones, ndipo pa 11 Seputembala 2001, pamene zigawenga zinagwetsa nyumba za World Trade Center, iye anali m'nyumba yake pafupi ndi malowo, ndipo posamutsidwa ananyamula saxophone yake. Patangopita masiku ochepa anakaimba ku Boston, ndipo chimbale cha zoimbaimba za tsiku limenelo, chimene chinatuluka mu 2005, chinamupezetsa mphoto ya Grammy. Mkazi wake Lucille anamwalira mu 2004.

Mu 2011 Pulezidenti Barack Obama anamuveka mendulo ya National Medal of Arts, ndipo chaka chomwecho analandiranso ulemu wa Kennedy Center. Mu 2017 makalata ake, zolemba zake ndi matepi ake zinaperekedwa ku malo osungira mbiri ya anthu akuda a Schomburg Center ku Harlem, dera limene anakulira. Popeza zimbale zakale muli nazo kale, funafunani mndandanda wa Road Shows, womwe ndi zojambulidwa pa maulendo ake oimba pamaso pa anthu, kumene ambiri amavomereza kuti ankaimba momasuka kuposa mu situdiyo. Gawo lachiwiri la mndandandawu lili ndi chikondwerero cha zaka zake 80 chimene chinachitikira ku Beacon Theatre ku New York mu 2010, pamene iye ndi Ornette Coleman anaimba limodzi pagulu kwa nthawi yoyamba.