A kapena an? Mwana azifunsa khutu, osati maso

Mayi ena andilembera kuti mwana wawo wa Fomu 4 analemba "an university" pa mayeso a teremu ndipo aphunzitsi anamudula malikisi, chonsecho ku pulayimale anamuuza kuti mawu akayamba ndi a, e, i, o, u timaika an. Ndiye akufunsa kuti walakwa ndani, mwana kapena aphunzitsi.

Mayi, aphunzitsiwo sanalakwe ayi. Lamulo la ku pulayimale lija ndi loyambira chabe, limagwira pa mawu ambiri koma silinena zonse. Nkhani yagona pa kamvekedwe ka mawuwo mukawatchula, osati chilembo chomwe mukuchiona papepala. University timatchula kuti yunivesite eti, ndiye liwu loyamba ndi yu, si vawelo, nchifukwa chake ndi a university, a uniform, a European, a useful book. One timatchula kuti wani, basi a one-day meeting. Pomwe umbrella ndi uncle u wake amamveka ngati a, ndiye an umbrella, an uncle.

Kwinaku kuli h wosamveka. Hour, honest, honour, heir, h wake timangomulemba koma pakamwa satuluka, ndiye an hour, an honest girl. Koma samalani, mawu oterewa ndi ochepa kwambiri, mu house, hospital, hardworking h amamveka bwinobwino ndipo ndi a. Ine zimandiwawa ndikawerenga kalata yofunsira ntchito ya mnyamata wanzeru zake atalemba "I am an hardworking person", chifukwa wolemba ntchito uja akangoona zimenezo pamzere woyamba amayamba kukayikira zonse zotsatira.

Pomwe ana ambiri amagwera ndi pa zidule. Tchulani chilembocho chokha mumve, M ndi emu, N ndi eni, S ndi esi, F ndi efu, zonsezi zikuyamba ndi e. Choncho an MP, an NGO, an SMS, an FM station, ndipo pa CV muzilemba an MSCE certificate, osati a MSCE. Koma MANEB sititchula chilembo chimodzichimodzi, timangoti manebu, ndiye a MANEB official. Manambala chimodzimodzi, an 8-year-old, an 18-year-old, a 10-year-old.

China, mwana aziyang'ana mawu amene ali pafupi penipeni ndi a kapena an, osati dzina lili kutsogoloko. An egg koma a big egg. A man koma an old man.

Musamukalipire mwanayo mayi. M'Chichewa chathu tilibe timawu timeneti, timangoti ndagula dzira nkhani yatha, ndiye kwa ife ndi chinthu chochita kuphunzira, nchifukwa chake ena amangotisiyiratu nkumati "I am teacher" mmalo mwa "I am a teacher". Ena amatiika posayenera, "an advice", "an information", "a furniture", pomwe a ndi an amatanthauza chinthu chimodzi chowerengeka ndipo advice, information, furniture, luggage, equipment siziwerengedwa m'Chingerezi. Ukafuna kunena chimodzi umati a piece of advice.

Poti Chingerezi ndi phunziro loti ukalephera satifiketi ya MSCE suyiona, timalikisi totere si tosewera nato, makamaka pa komposishoni pomwe cholakwa chimodzi chimabwerezedwa kambirimbiri. Madzulo mukamaphika muzimuuza awerenge mokweza ndime imodzi ya nyuzipepala ya Chingerezi, akafika pa a kapena an aime, atchule mawu otsatirawo pang'onopang'ono, anene liwu lomwe wamva koyamba. Inu ngakhale Chingerezi chikuvuteni mutha kumva ndithu ngati layamba ndi yu kapena a. M'chipinda cha mayeso sangalankhule mokweza, koma kutchulira chamumtima palibe amene angamuletse.